Mchere, Magetsi ndi Madzi Osambira: Makina Opanga Klorini Akayamba Kuvuta

Mvula yoyamba ya mabingu ikagwa mumzinda wa Johannesburg m'mwezi wa Okotobala kapena Novembala, pamakhala anyamata ambiri amene amadzuka m'mawa mtima uli m'mwamba. Amenewa ndi anyamata ogwira ntchito ya m'maluwa panyumba za anthu opeza bwino, ndipo pakati pawo pali Amalawi ochuluka amene anatsikira kumeneko atasowa ntchito kwawo pomaliza sukulu. Ntchito yawo sithera pakutchetcha kapinga ndi kuthirira maluwa ayi, pakuti panyumba zambiri zotere pali dziwe losambiramo, ndipo udindo wolisamalira umagwera iwo omwewo. Dzulo lake madzi a m'dziwemo anali oyera mbee, moti ndalama yachitsulo ikanaoneka bwinobwino ili pansi. Lero achita mbuu, makoma ayamba kuterera, ndipo pa kabokosi ka makina opanga klorini payaka kanyali kofiira konena kuti mchere wachepa.

Mnyamata wosazolowera amathamangira ku thumba la mchere. Amakhuthula thumba limodzi, kanyali kaja sikazima. Amakhuthula lachiwiri, kali chiyakirebe. Pofika Loweruka madzi asanduka obiriwira ngati a m'chithaphwi, ana a panyumbapo aletsedwa kusambira, ndipo mwini nyumba wayamba kusinkhasinkha ziwiri: kugula makina atsopano, kapena kupeza wantchito watsopano. Chomvetsa chisoni n'chakuti kawirikawiri makinawo amakhala alibe mlandu waukulu, mnyamatayonso sanachite ulesi. Chimene chinasowa ndi ndondomeko yofufuzira vuto, ndiko kuti kudziwa choyamba kuyang'ana, chotsatira chake, ndi chimene chiyenera kukhudzidwa pomalizira penipeni. Maiwe osambiramo alinso m'mahotela a m'mizinda ya Malawi ndi a m'mphepete mwa nyanja, ndipo sayansi ya madzi ake ndi imodzimodzi; chotero nkhaniyi ikhudza wachinyamata aliyense amene tsiku lina angadzapatsidwe makiyi a kanyumba ka pampu.

Dziwe la mchere ndi dziwe la klorini

Pali chikhulupiriro chofala chakuti m'dziwe la mchere mulibe klorini, ndi kuti mchere ndiwo umapha tizilombo monga momwe umatetezera nyama kapena nsomba kuti isaole. Chikhulupiriro chimenechi n'cholakwika. Akatswiri amawerengera zinthu zosungunuka m'madzi m'magawo pa miliyoni, mwachidule ppm, ndipo ppm imodzi ndi galamu imodzi m'malita 1,000 a madzi. Madzi a m'nyanja zikuluzikulu zamchere ali ndi mchere pafupifupi 35,000 ppm. Misozi ya munthu ili ndi pafupifupi 9,000 ppm. Koma m'dziwe losambiramo mumafunika pakati pa 3,000 ndi 6,000 ppm basi, malinga ndi mtundu wa makina. Mchere wochepa chotere sungaletse ndere kumera ngakhale kupha tizilombo toyambitsa matenda. Ntchito yake ndi ina: mcherewo ndiwo chipangizo chimene makina amapangira klorini.

Mchere wodziwika uja ndi mgwirizano wa zinthu ziwiri, sodiyamu ndi klorini, zimene magetsi angathe kuzilekanitsa. Pampu imakoka madzi m'dziwe n'kuwakankhira mu sefa ya mchenga. Akatuluka mu sefamo, asanabwerere m'dziwe, amadutsa m'chibotolo choonekera m'kati chimene amisiri amachitcha selo. M'selomo muli timapuleti ta chitsulo cha titaniyamu, tokutidwa ndi utoto wopyapyala kwambiri wa zitsulo zosowa monga ruthenium ndi iridium. Kabokosi ka pakhoma kaja kamalandira magetsi a m'nyumba n'kuwasandutsa magetsi ofooka oyenda mbali imodzi, onga a m'batire. Magetsiwo akamadutsa m'madzi a mchere, pa timapuleti ta mbali imodzi pamatuluka klorini, pamene pa ta mbali inayo pamatuluka mpweya wa haidrojeni ndi soda wamphamvu wonga amene amapangira sopo. Klorini amasungunuka nthawi yomweyo n'kusanduka asidi wofatsa wotchedwa hypochlorous acid, amene ndiye wakupha weniweni wa tizilombo. Akamaliza ntchito yake amabwereranso kukhala mchere, n'kudikira ulendo wina wodutsa m'selo.

Nzeru imeneyi si yachilendo kwa amene anaphunzira sayansi ku sekondale. Klorini anamutulukira Carl Wilhelm Scheele wa ku Sweden mu 1774, ndipo Humphry Davy wa ku England anatsimikiza mu 1810 kuti ndi chinthu choima pachokha, namutcha dzina lochokera ku liwu la Chigiriki lonena za mtundu wobiriwira mosakanikirana ndi chikasu. Mzinda wa Jersey City ku America unayamba kuthira klorini mosalekeza m'madzi akumwa mu 1908. Klorini yemweyu ndiye ali m'botolo la WaterGuard ndi mu ufa wa HTH umene unagwiritsidwa ntchito m'madera ambiri a Malawi pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023. Koma munthu wofunika koposa kwa wosamalira dziwe ndi Michael Faraday, amene m'zaka za 1833 ndi 1834 anaonetsa kuti kuchuluka kwa chinthu chotuluka pa mapuleti kumadalira kukula kwa magetsi odutsapo ndi kutalika kwa nthawi imene adutsa. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Makina ambiri a panyumba sadziwa kuti usiku kunagwa mvula, kapena kuti dzulo munasambira ana 12. Amangopanga muyezo umene anauzidwa, kwa maola amene anapatsidwa. Wodziwa zimene madzi akusowa ndi munthu, ndipo munthuyo amadziwa pokhapokha atayeza.

Kuyeza madzi

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Madzi angaoneke oyera pamene klorini anatha dzana, chifukwa ndere zimatenga masiku kuti zionekere, ndipo tizilombo sitioneka n'komwe. N'chifukwa chake chida choyamba cha wosamalira dziwe si burashi kapena ukonde wovuulira masamba, koma kabokosi koyezera madzi. Madzi oyeza atungidwe mkono utamira mpaka m'chigongono, kutali ndi pamene madzi ochokera kumakina amatulukira. M'madzimo mumaponyedwa piritsi la mankhwala otchedwa DPD, njira imene Dr. A. T. Palin wa ku England anaifalitsa mu 1957, ndipo madziwo amasanduka ofiirira molingana ndi kuchuluka kwa klorini.

Piritsi la nambala 1 limaonetsa klorini womasuka, ndiye amene sanagwirepo ntchito. Piritsi la nambala 3 likawonjezedwa limaonetsa klorini yense. Kusiyana kwa manambala awiriwa ndi klorini womangika, amene wagwirana kale ndi thukuta ndi mkodzo wa osambira. Womangikayu ndiye amanunkha ndi kufiiritsa maso; motero dziwe lonunkha mankhwala kwambiri kawirikawiri limakhala loperewera klorini wabwino, osati lochulukira monga ambiri amaganizira. Klorini womasuka ayenera kukhala pakati pa 1 ndi 3 ppm, ndipo womangika asapitirire 0.5 ppm.

Kufunika kwa manambalawa kumaoneka m'zimene bungwe loona za matenda la ku America, la CDC, limaphunzitsa. M'madzi okhala ndi klorini womasuka wa 1 ppm, kachilombo ka E. coli kamafa mphindi imodzi isanathe. Ka matenda a chiwindi a hepatitis A kamafa m'mphindi pafupifupi 16. Ka Giardia m'mphindi pafupifupi 45. Koma ka Cryptosporidium, kamene kamatseguletsa m'mimba, kamapirira kwa masiku oposa 7. Tanthauzo lake n'lakuti klorini akatha, dziwe limasanduka msewu wa matenda kuchokera kwa wosambira mmodzi kupita kwa mnzake. Ndiponso kuti mwana amene akutsegula m'mimba asaloledwe kulowamo, ngakhale manambala onse atakhala bwino.

Muyezo wachiwiri ndi pH, umene umasonyeza ngati madzi akupendekera ku asidi kapena ku soda. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, la WHO, m'malangizo ake a maiwe osambiramo a 2006, linati pH ikhale pakati pa 7.2 ndi 7.8. Chifukwa chake n'chakuti pa pH 7.0 pafupifupi magawo atatu mwa anayi a klorini womasuka amakhala mumtundu wake wamphamvu uja; pa 7.5 amatsala theka, pa 8.0 gawo limodzi lokha mwa anayi. M'maiwe a mchere pH imakonda kukwera, pakuti tithovu ta haidrojeni timatakasa madzi n'kuthamangitsa mpweya wa carbon dioxide umene umawasunga ku mbali ya asidi. Chotero kuthira asidi wa dziwe pang'onopang'ono sabata ndi sabata ndi mbali ya ntchito, si chizindikiro chakuti makina alakwa.

Muyezo wachitatu, umene ambiri amauiwala, ndi wa mankhwala otchedwa cyanuric acid, amene m'masitolo amagulitsidwa m'dzina la stabilizer. Klorini wopangidwa m'selo amatuluka wopanda chom'tchinga, ndipo dzuwa lamphamvu la masana lingathe kuwononga wochuluka m'maola awiri kapena atatu. Mankhwalawa ndiwo ambulera yake. Malangizo ofala amati akhale pakati pa 30 ndi 50 ppm, ngakhale opanga makina ena a mchere amafuna 60 mpaka 80 ppm. Akachulukitsa amafooketsa klorini, n'chifukwa chake CDC imati pamene pali mankhwalawa klorini womasuka asatsike pa 2 ppm. Sachoka ndi nthunzi. Amachepa ndi madzi otayika, monga dziwe likasefukira ndi mvula kapena sefa ikamatsukidwa. Maiwe ambiri amene eni ake amati makina afa amakhala atangosowa ambulera imeneyi, kotero kuti klorini wopangidwa m'mawa amakhala atapsa pofika masana.

Kodi sakupangidwa, kapena akudyedwa?

Nkhokwe ikamatha msanga, mlimi wanzeru amayamba wafunsa ngati munda sunabereke kapena ngati m'nkhokwemo mwalowa anankafumbwe, pakuti mankhwala a mavuto awiriwa ndi osiyana. Chimodzimodzi klorini akasowa m'dziwe: kapena makina sakupanga wokwanira, kapena akupanga ndithu koma pali chimene chikumudya.

Njira yosiyanitsira ziwirizi imafuna usiku umodzi wokha. Dzuwa likalowa, makina a klorini azimitsidwe koma pampu isiyidwe ikuyenda. M'dziwe muthiridwe klorini wogula, wamadzi kapena waufa, kufikira 4 kapena 5 ppm, ndipo patapita ola limodzi madzi ayezedwe, nambala ilembedwe. M'bandakucha, dzuwa lisanafike pamadzi, ayezedwenso. Popeza usiku kulibe dzuwa ndiponso simunasambire munthu, klorini sayenera kutsika kuposa 1 ppm. Akatsika kuposa pamenepo, ndiye kuti muli ndere kapena zonyansa zina zimene zikumudya, ngakhale maso sakuziona.

Zikatero makina asapatsidwe ntchito imene sanapangidwire. Selo linapangidwa kuti lizisunga madzi abwino kuti asaonongeke, osati kuombola madzi amene aonongeka kale; ndere zikachuluka zimaswana mofulumira kuposa mmene selo limapangira klorini, ngakhale batani lowonjezera mphamvu litadinidwa. Chofunika ndi kutsitsa pH kufika cha pa 7.2, kuthira klorini wogula wochuluka nthawi imodzi madzulo, kukwecha makoma ndi pansi, kusiya pampu ikuyenda usana ndi usiku, ndi kutsuka sefa kawirikawiri, kufikira muyezo wa usiku uja utaonetsa kuti wakudya klorini watha. Pa masiku amenewa m'dziwe musalowe munthu.

Koma klorini akapezeka m'mawa ali pamene anali, madzi alibe mlandu, ndipo maso atembenukire ku kanyumba ka pampu. Makina aikidwe pa 100, selo liyang'anidwe: logwira ntchito limachita tithovu tambirimbiri tonga utsi woyera. Madzi otungidwa pakamwa pa paipi yobwezera madzi m'dziwe ayeneranso kuonetsa klorini wochuluka kuposa otungidwa kutsidya. Zizindikiro ziwirizi zikasowa, kapena zikaoneka mofooka, pali zinthu zisanu zofunika kuzifufuza, kuyambira chosalira ndalama kukathera chodula.

Zifukwa zisanu

Choyamba ndi maola. Selo limapanga klorini pokhapokha pampu ikuyenda, ndipo masamu ake ndi a ku pulayimale. Dziwe la mamita 10 m'litali, mamita 4 m'lifupi ndi kuya kwapakatikati kwa mamita 1.25 limasunga malita 50,000. Makina olembedwa kuti amapanga magalamu 25 pa ola amawonjezera 0.5 ppm pa ola m'dziwe lotere. M'maola 8 amapereka 4 ppm akakhala pa 100, koma 2 ppm yokha akakhala pa 50. M'nyengo yotentha dziwe la pamtetete lingadye pakati pa 2 ndi 4 ppm patsiku. Tsono magetsi akazima theka la maola amenewo, monga zinkachitika pafupipafupi ku South Africa mu 2022 ndi 2023, klorini amaperewera makina ali bwinobwino. Choonjezera apo, wotchi yozungulira imene imayatsa ndi kuzimitsa pampu imaima magetsi akazima, n'kuyamba kutsalira, moti pampu imene inayenera kuyenda masana imapezeka ikuyenda pakati pa usiku. Kukonza wotchi sikulira tambala.

Chachiwiri ndi kuyenda kwa madzi. Makina ali ndi kachipangizo kamene kamazimitsa selo madzi akasiya kudutsa mokwanira. Kadengu kogwira masamba kakadzaza, sefa ikatsekeka ndi dothi, madzi a m'dziwe akatsika mpaka pampu n'kuyamba kukoka mpweya, kapena mpopi wina ukaiwalika chitsekere, selo limaima ngakhale pampu ikumveka kulira. Ena akatopa ndi kachipangizoka amalumikiza mawaya ake mwachidule kuti kasamavute. Kumeneko n'kuputa ngozi, pakuti selo likamagwira ntchito madzi ataima, haidrojeni amadzazana m'chibotolo ndipo angachiphulitse.

Chachitatu ndi mchere, ndipo apa ndi pamene kanyali kofiira kamasocheretsa ambiri. Makina salawa mchere ayi. Amangoona mmene magetsi akudutsira mosavuta m'madzi, n'kuyerekeza. Magetsi amadutsa movutika mchere ukachepa, inde, komanso madzi akazizira, ndiponso mapuleti akada kapena akakalamba. Kuzizira kwa digiri imodzi kumachepetsa kudutsa kwa magetsi ndi magawo pafupifupi 2 pa 100, ndipo makina ambiri amachepetsa okha ntchito madzi akatsika pa madigiri 15, ena n'kuimiratu cha pa madigiri 10. Motero kanyali koyaka mu Juni kapena Julayi ku Johannesburg kawirikawiri kamanena za chisanu. Mchere uyezedwe paokha, ndi timapepala toyezera kapena ku sitolo ya zipangizo za maiwe, thumba lisanatsegulidwe.

Ukapezeka wochepadi, masamu akewonso ndi apafupi. Ngati buku la makina likufuna 3,200 ppm ndipo madzi aonetsa 2,400 ppm, kuperewera kwake ndi 800 ppm, ndiko kuti magalamu 800 pa malita 1,000 alionse. M'dziwe la malita 50,000 amenewo ndi makilogalamu 40. Mchere wake ukhale wa dziwe, wopanda ayodini ndi zosakaniza zina za mchere wa m'khitchini. Uwazidwe m'dziwe selo litazimitsidwa, utakasidwe ndi burashi, ndipo pampu iyende tsiku lathunthu selo lisanayatsidwenso. Mchere suchoka ndi nthunzi. Umachepa ndi madzi otayika okha. Mayi aliyense wophika amadziwa kuti mchere woperewera m'ndiwo umawonjezeka, koma wochuluka sutoleka. M'dziwenso n'chimodzimodzi: amene wafikitsa 6,400 ppm pamene pamafunika 3,200 ayenera kutaya theka la madzi, malita 25,000, n'kudzazanso ndi atsopano. Pa chilala cha 2017 ndi 2018, mzinda wa Cape Town unaletsa kudzaza maiwe ndi madzi a m'mipopi, ndipo wolakwitsa chotere pa nthawi imeneyo analibe pothawira.

Chachinayi ndi njereza. Pa timapuleti totulutsa soda, laimu wosungunuka m'madzi amauma n'kumatirira, monga zoyera zolimba zija zimene zimakanirira pansi pa ketulo. Njereza imeneyi imatchinga magetsi, ndipo imakula msanga pH ikakwera kapena madzi akakhala a pachitsime chokhala ndi laimu wambiri. Makina ambiri a masiku ano amatembenuza okha njira ya magetsi patapita maola angapo kuti njereza isweke, komabe selo liyenera kuyang'anidwa miyezi itatu iliyonse. Magetsi onse azimitsidwe, selo limasulidwe, liyambe latsukidwa ndi madzi a mphamvu a m'paipi. Njereza ikakanika, mapuleti amizidwe m'madzi osakaniza ndi asidi wa dziwe malinga ndi buku la makinawo. Mabuku ena amati gawo 1 la asidi pa magawo 4 a madzi, ena gawo 1 pa magawo 10. Asidi ndiye amathiridwa m'madzi, osati madzi mu asidi, ndipo wogwira ntchitoyo avale magolovesi ndi magalasi oteteza maso, agwirire panja popita mphepo. Thovu likaleka, kapena zikakwana mphindi 15, selo litsukuluzidwe. Mpeni, waya kapena sikuludiraiva zisakhudze mapuleti, pakuti utoto wopyapyala uja ndiwo moyo wa selo. Asidi nayenso amaudya pang'ono nthawi iliyonse, motero selo loyera lisamizidwe mwachizolowezi chabe.

Chachisanu ndi mawaya ndi ukalamba. Pamene mawaya amalumikizana ndi selo pamakonda kuchita dzimbiri, kukhwepa kapena kupserera, ndipo kupukuta ndi kumanga bwino, magetsi atazimitsidwa, kumathetsa mavuto ambiri. M'kati mwa kabokosi ka pakhoma ndi mwa mmisiri wa zamagetsi yekha. Kunena za selo, limakhala zaka 3 mpaka 7, kapena maola ogwira ntchito pafupifupi 10,000, utoto wake usanathe. Mapuleti akakhala oyera, mchere wokwana, madzi ofunda ndi oyenda bwino, mawaya olimba, koma tithovu tili tochepa ndipo kanyali kakunenabe za mchere, pamenepo pokha m'pamene mwini nyumba angauzidwe molimba mtima kuti selo latha. Ngakhale apo chogula ndi selo lokha, osati makina onse.

Klorini akachuluka

Vuto la mbali inayo limadza nyengo ikasintha. Makina amene anaikidwa pa 80 mu Disembala akasiyidwa pomwepo mu Meyi, pamene dzuwa lafooka ndipo osambira asowa, klorini amaunjikana. Dziwe lofunditsidwa ndi chinsalu ndiye limaposa, chifukwa dzuwa silimufikira. Klorini wochuluka amasuluza zovala zosambira, amayabwa khungu, ndipo amaononga chinsalucho. Pali msampha wina apa. Klorini akapitirira 10 ppm angathe kusuluza mtundu wa DPD womwe, moti madzi oyeza amafiira kamphindi n'kuyeranso, ndipo wosadziwa amaganiza kuti mulibe klorini, n'kuwonjezera wina. Wokayika asakanize madzi a m'dziwe ndi madzi opanda klorini theka ndi theka, ayezenso; mtundu ukabwera, ndiye kuti klorini wachuluka. Mankhwala ake ndi kuzimitsa selo, kuvundukula dziwe, ndi kusiya dzuwa ligwire ntchito kwa tsiku limodzi kapena awiri. Posintha muyezo wa makina, kusunthako kukhale kwapang'ono, magawo 10 okha, n'kudikira masiku awiri asanasunthenso.

Lamulo limodzi lilibe kukambirana: asidi ndi klorini wogula asasakanizidwe, asatungidwe ndi chikho chimodzi, ndipo asasungidwe moyandikana. Ziwirizi zikakumana zimatulutsa mpweya wa klorini wosasungunuka, womwe uja unapha asilikali ku Ypres mu Epulo 1915, ndipo m'kanyumba kakang'ono ka pampu ungagwetse munthu asanafike pakhomo.

Kope ndi pensulo

Kusocheretsedwa ndi makina si kwa osaphunzira okha. Mu Ogasiti 2016, pa masewera a Olimpiki ku Rio de Janeiro, dziwe lodumphiramo la pa Maria Lenk Aquatics Centre linasanduka lobiriwira dziko lonse likuonerera pa kanema. Oyendetsa masewerawo anafotokoza pambuyo pake kuti m'madzimo munathiridwa mankhwala a hydrogen peroxide, amene amapha mphamvu ya klorini, ndi kuti zipangizo zamagetsi zoyezera zinanyengeka n'kumaonetsa ngati zonse zili bwino. Ngati zotere zinachitika pamalo okhala ndi akatswiri, nanji panyumba pamene ntchito yonse ili m'manja mwa munthu mmodzi.

Mnyamata wa ku Johannesburg uja akanadziwa ndondomekoyi akanachita mosiyana. Madzi a mvula ndi ozizira ndiponso opanda mchere, ndipo poyamba amayandama pamwamba pa madzi a mchere olemerawo. Pampu ikayamba kukoka kuchokera pamwamba, ndiwo amayamba kufika m'selo, kanyali n'kuyaka. Mvula yomweyo imakokolera m'dziwe fumbi ndi masamba zimene zimadya klorini. Chimene chinkafunika m'mawa umenewo ndi kuvuula masamba, kukhuthula kadengu, kukonza pH, kuthira klorini wogula pang'ono kuti athandize selo, kusiya pampu itakase madzi tsiku lonse, ndipo mawa lake kuyeza mchere. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chotsala ndi kope wamba la sukulu lopachikidwa pamsomali m'kanyumba ka pampu. Mmenemo mulembedwe tsiku, klorini womasuka, pH, muyezo wa makina, maola a pampu ndi mmene kunja kunalili, kawiri kapena katatu pa sabata. Mchere ndi stabilizer kamodzi pamwezi, ndiponso mvula yaikulu ikagwa. Pakatha chaka kopelo limayamba kunena zinthu zisanachitike: mwezi umene makina ayenera kukwezedwa, mwezi umene ayenera kutsitsidwa, ndi nthawi imene selo layamba kufooka. Ndipo tsiku limene madzi adzachite mbuu, wantchito wokhala ndi kope sadzaima pamaso pa mwini nyumba manja ali kumbuyo n'kumangoti makina afa. Adzatsegula tsamba, n'kuonetsa chimene chasintha, tsiku limene chinasintha, ndi mtengo wa chimene chikufunika kugulidwa.